Funsani Amalume: Makina akana kukopa dola, nanga kwacha?

Makalata a mwezi uno andibweza ku ntchito imene inandilera, ya fotokope ndi kusindikiza. Mayina a olemba ndawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Amalume, ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kupulinta ku Limbe. Sabata yatha kunabwera anyamata oimba amene akukonza vidiyo ya nyimbo yawo. Akufuna mpukutu wa ndalama zoti azimwaza pojambulapo, ndiye anabweretsa $100 imodzi ndi R200 imodzi kuti ndiwachulukitsire. Makina anga akalala anangoyamba pang'ono n'kuima, pepala linatuluka theka lokha. Nditayesa kutsegula chithunzi cha ndalamazo mu Photoshop, nayonso inakana. Koma kamakina kakale ka sikana kamene ndinagula kwa munthu kanajambula K5,000 popanda vuto lililonse. Kodi makina aakuluwo awonongeka? Nanga poti kwacha inadutsa, ndiye kuti yathuyi ndi yololedwa?
Mnyamata wa fotokope, Limbe

YANKHO: Mphwanga, usataye ndalama kuitana wokonza makina. Ali bwinobwino, achita zimene anawapangira. Funso lako lachiwirilo ndi limene landidetsa nkhawa, koma tithane kaye ndi loyambalo.

Ukapeza $20 ya masiku ano, uitembenuze kumbuyo kumene kuli chithunzi cha White House, nyumba ya pulezidenti wa America. M'mbali mwa nyumbayo, pamalo pooneka ngati palibe kanthu, pamwazika timanambala 20 tating'onoting'ono tachikasu. Ambiri amayesa n'tongokongoletsa. Iwe usayang'ane ma 2, uyang'ane ma 0 okha. Timabwalo timeneto tinayalidwa m'magulu a tisanutisanu, kamodzi pakati tinayi mozungulira, ndipo gulu lililonse linakhala mofanana ndi linzake. Makina a fotokope akalala akangozindikira kayalidwe kameneko amadziwa kuti pagalasi pali ndalama. Ena amaima, ena amatulutsa pepala lakuda bii, ena amasokoneza mitundu. Pa rand timabwaloti tiliponso, pa euro chimodzimodzi. Pa £20 yakale ya ku Britain, ija inali ndi nkhope ya wopeka nyimbo Edward Elgar, anatibisa mwaluso, timaoneka ngati timitu ta manotsi a nyimbo.

Mabanki ndi opanga makina sanachite kulengeza za chinthu chimenechi. Nzeruyo inachokera ku kampani ya ku Japan yotchedwa Omron, ndipo inayamba kuikidwa pa ndalama cha m'ma 1996, mwakachetechete. Amene anaiulula poyera ndi Markus Kuhn, katswiri wa makompyuta wa pa yunivesite ya Cambridge, mu 2002, makina a Xerox atamukanira kukopa ndalama ngati momwe ako akukanira iwe. Anatenga 10 euro n'kuyamba kuifufuza mpaka anapeza timabwalo tija, n'kutipatsa dzina loti EURion.

Za Photoshop, pulogalamu ija ya pa kompyuta yokonzera zithunzi, ndi nkhani ina. Mabanki aakulu a mayiko angapo ali ndi gulu lawo lotchedwa Central Bank Counterfeit Deterrence Group, ndipo gululi limapereka kwa opanga mapulogalamu ndi mapulinta kachipangizo kozindikira ndalama. Kampani ya Adobe inakalowetsa mu Photoshop CS imene inatuluka kumapeto kwa 2003, osauza ogula. Anthu anangodzidzimuka kumayambiriro kwa 2004 pulogalamu ikuwakanira, ndipo panali phokoso ndithu, makamaka kwa ojambula zotsatsa malonda. Mnzake wa Kuhn ku Cambridge komweko, Steven Murdoch, anayesa n'kupeza kuti Photoshop imazindikirabe ndalama ngakhale utachotsa timabwalo tija, kusonyeza kuti imaona chizindikiro china chobisika m'chithunzicho. Choncho usavutike kuphimba timadontho ndi chala, ena anayesa kale.

Tsopano kwacha. Kuti kamakina kako ka sikana kanaidutsitsa sizikutanthauza kanthu pa nkhani ya lamulo. Makina ali ngati mlonda wapageti amene bwana wamuonetsa zithunzi za akuba ochepa okha. Wakuba amene sali pa zithunzizo akadutsa mlonda ali chete, sindiye kuti wapatsidwa chilolezo choba. Makina akale, makina otchipa, ndi ena ongojambula zakuda ndi zoyera, ambiri alibe n'komwe kachipangizo kameneka. Majisitireti sadzafunsa kuti makina anavomera kapena ayi. Adzafunsa kuti pepala ili walipanga ndani, ndipo limafanana bwanji ndi ndalama.

Kuno kwathu mphamvu yotulutsa ndalama ili ndi Reserve Bank of Malawi yokha. Penal Code, lamulo lathu la milandu, imaika kupanga ndalama yapepala yachinyengo m'gulu limodzi ndi kupeka wilo kapena chikalata cha malo, ndipo chilango chake chimatha kufika mpaka kukhala m'ndende moyo wonse. Kungopezeka nazo ukudziwa kuti n'zachinyengo ndi mlandu pawokha. Kusunga mapepala ndi zipangizo zokonzera ntchito imeneyi ndi mlandunso. Ndipo usaganize kuti dola ndi rand zilibe mwini kuno. Apolisi athu amanjata opezeka ndi madola achinyengo monga amanjatira a makwacha achinyengo.

Udzanena kuti iwe sunafune kunyenga munthu, ndi za vidiyo chabe. Mayiko eni ndalamazo anaiganizira kale nkhani imeneyi, ndipo mayankho awo ndi osiyana. Ku America lamulo la mu 1992 limalola chithunzi chakalala cha dola pokhapokha chikhale cha mbali imodzi, chichepe kuposa 75 peresenti ya kukula kwa ndalama yeniyeni kapena chikule kupitirira 150 peresenti, ndipo ukamaliza ntchito ufufute mafayilo onse amene unagwiritsa ntchito. Banki yaikulu ya ku Ulaya imalola chithunzi cha euro cha mbali imodzi ngati chili 75 peresenti kapena kucheperapo, kapena 125 peresenti kapena kupitirira. Cha mbali zonse ziwiri chiyenera kukhala theka kapena kuwirikiza kawiri. Ukaziona bwino ziwerengero zimenezi, cholinga chake n'chimodzi, kuti pepalalo lisalowe m'thumba la munthu n'kukatuluka pa kauntala ngati ndalama. Zimene anyamata ako akufuna, kukula kofanana, mbali zonse ziwiri, mitundu yake yomweyo, n'zimene malamulo onsewa akukana.

A ku Britain ndiye salola n'komwe zoyeza ndi rula. Gawo 18 la Forgery and Counterfeiting Act ya mu 1981 limati kujambula ndalama yawo yapepala, kapena kachigawo kake, pa chinthu chilichonse, kaya wakulitsa kaya wachepetsa, popanda chilolezo cha banki yotulutsa ndalamayo, ndi mlandu. Kunali mmisiri wina wa zojambulajambula wa ku America, J.S.G. Boggs, amene ankajambula ndalama ndi manja, mbali imodzi yokha, n'kumakapereka m'malesitilanti. Sankanama ayi. Ankauza woperekera zakudya kuti ichi n'chojambula changa, ngati mukufuna chilandireni m'malo mwa ndalama, mundipatse chenji ndi lisiti. Mu 1986 apolisi anamugwira ku London, ndipo mu 1987 anakaonekera ku khoti la Old Bailey. Anapezeka wosalakwa, koma taganiza: munthu wojambula ndi cholembera, wosabisa kanthu, wokhala ndi maloya odziwa ntchito, anazunzika chaka chathunthu. Iwe uli ndi makina otha kutulutsa mazana pa ola limodzi, ndipo loya ulibe.

Chimene chimandiopsa ine pa ndalama za vidiyo si tsiku lojambula. Ndi tsiku lotsatira. Mwamwaza mapepala mazana angapo pabwalo, ana atola, anyamata onyamula zingwe za magetsi aika ena m'thumba. Masana pepala la fotokope silinganamize munthu. Ndalama yeniyeni ndi ya thonje, imakhakhala ukaisisita pankhope ndi pa manambala chifukwa inki yake inatukuka, ili ndi kaulusi kodutsa m'kati, ndipo ukaiyang'anitsa kudzuwa umaona chithunzi chobisika. Pepala la mu limu ndi losalala, likanyowa limasuluka. Koma ndalama zachinyengo siziyenda masana. Zimayenda chisisira chitagwa, kwa mayi wogulitsa tomato amene akulongedza kuti azipita, kwa wakabaza amene walandira n'kupinda osayang'ana, kapena pakati pa mpukutu wa ndalama zenizeni kwa mlimi amene wagulitsa soya kwa vendala. K5,000 inabwera mu February 2022, ndipo kwa mayi wa tomato uja imodzi yokha ndi ndalama yambiri.

Apolisi akayamba kutsata, satsata woimba, amatsata makina. Mapulinta ambiri akalala a laser amasindikiza timadontho tachikasu tosaoneka ndi maso pa pepala lililonse lotuluka. Mu 2005 bungwe la ku America la Electronic Frontier Foundation linamasulira timadontho ta makina a Xerox DocuColor n'kupeza kuti timanena nambala ya makinawo, tsiku ndi nthawi imene pepala linasindikizidwa. Ukaunika ndi getsi la buluu ndi galasi lokulitsa umationa, tandanda m'mizere pepala lonse. Ngakhale popanda zimenezo, mwana woyamba kugwidwa adzaloza woimba, woimba adzaloza shopu yako.

Anyamatawo usawathamangitse, ndi makasitomala. Akonzere ndalama yawoyawo. Uike nkhope ya woimbayo, dzina la gulu lawo, nambala yoti kulibe ndalama yotero, mtundu wosafanana ndi wa ndalama iliyonse, yokulirapo, kumbuyo koyera. Pa kamera, ikuuluka m'mwamba, palibe adzasiyanitse, ndipo ena adzaitola n'kusunga ngati chikumbutso. Ukalandira ntchito yofunadi chithunzi cha kwacha yeniyeni, monga buku la masamu la ana kapena chotsatsa malonda, mwini ntchitoyo alembere kaye a Reserve Bank, ndipo iwe usayatse makina usanaone yankho lawo ndi maso ako. Fayilo ya K5,000 ili mu kompyuta yakoyo uifufute lero.

FUNSO: Amalume, ndine mlembi pa ofesi ya mpingo. Tagula pulinta yatsopano yokhala ndi sikana, ndipo m'kabuku kake muli tsamba lonena kuti kukopa mapasipoti, ziphaso, masitampa, macheke ndi zikalata za boma n'koletsedwa ndi lamulo. Komatu tsiku lililonse akhristu amabwera kudzachititsa fotokope chiphaso cha unzika chifukwa kubanki, kusukulu ndi kuntchito akuzifuna. Kodi takhala tikuphwanya lamulo?
Mayi wa ku Kasungu

YANKHO: Mayi, mtima m'malo, pitirizani kuthandiza akhristu anu. Kabukuko sanalembere Kasungu. Kampani imalemba tsamba limodzi loti likwanire mayiko onse kumene makinawo akagulitsidwe, ndipo maloya ake amatola choletsedwa chilichonse cha dziko lililonse n'kuunjika pamodzi kuti mawa wina asadzawaloze chala. Zambiri pa mndandandawo n'zochokera m'malamulo a ku America. Kumeneko gawo 701 la malamulo otchedwa Title 18 limaletsa kujambula ziphaso za ogwira ntchito m'boma ndi za asilikali popanda chilolezo, ndipo satifiketi imene amapatsa mlendo akalandira unzika wa dzikolo imakhala ndi chenjezo losindikizidwa pomwepo loti kuikopa popanda chilolezo cha lamulo ndi mlandu. Mukawerengetsa bwino tsambalo mupeza kuti penapake pali mawu oti malamulo amasiyana dziko ndi dziko, kapena oti "ndi cholinga chonyenga". Mawu amenewo ndiwo mwini nkhani, ngakhale amawalemba mwa tizilembo tating'ono.

Mayiko ena boma lenilenilo ndi limene limalamula fotokope. Abale athu amene ali ku Britain akudziwa kuti bwana akamalemba munthu ntchito amayenera kutsimikiza kuti ali ndi ufulu wogwira ntchito, ndipo akaona pasipoti amasunga kope yake nthawi yonse imene munthuyo ali pantchito ndi zaka zina ziwiri atachoka. Ku Germany anakhala nthawi yaitali akukangana ngati chiphaso chawo n'chololedwa kukopa, mpaka mu 2017 anakonza lamulo: mwini wake angathe kukopa kapena kuloleza wina, bola kopeyo izioneka poyera kuti ndi kope.

Pamenepo ndi pamene pasiyana ndalama ndi chiphaso. Fotokope ya ndalama ilibe ntchito ina yoona imene ingagwire m'manja mwa munthu wamba. Fotokope ya chiphaso ili nayo, ndi umboni woti chiphaso chenicheni chilipo kwinakwake. Imasanduka mlandu ikayamba kudzionetsa ngati ndiyo chenichenicho, kapena wina akasinthapo kanthu. N'chifukwa chake ine pashopu sindinkalola kudula fotokope yakalala ya chiphaso molingana ndi kukula kwa khadi, kumata kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulamineta. Ambiri opempha zimenezi ndi anthu abwino, akungoopa kutaya chenichenicho. Koma chotulukacho ndi khadi lachiwiri, ndipo makhadi a unzika amatulutsa ndi a National Registration Bureau okha. Muziika mbali zonse ziwiri pa tsamba limodzi la A4, zakuda ndi zoyera zimakwana.

Ofesi ikafuna kope yotsimikizika, munthuyo apite ndi chenichenicho pamodzi ndi kopeyo kwa wolumbiritsa, monga loya kapena majisitireti. Chidindo chake chimanena chinthu chimodzi chokha, kuti ine ndaona chikalata chenicheni ndipo kope iyi ikufanana nacho. Sichinena kuti chikalatacho n'choona. Ndipo amene amadinda mulu wa mapepala obwera ndi mesenjala, eni ake osaoneka, zenizeni osaziona, akusainira bodza ndi dzina lawo.

FUNSO: Amalume, ndili ku Johannesburg. Pasipoti ndimaisiya kunyumba poopa akuba, ndimayenda ndi fotokope. Anzanga akuti apolisi akandipeza nayo andimanga. Zoona?
Mphwanu wa ku Joni

YANKHO: Mphwanga, kukhala ndi fotokope ya pasipoti yako si mlandu. Vuto n'loti fotokope si pasipoti. Gawo 41 la Immigration Act ya dzikolo, ya mu 2002, limapatsa wapolisi kapena wa imigireshoni mphamvu yofunsa munthu kuti adzizindikiritse, ndipo ngati sakukhutira kuti uli m'dzikomo mololedwa angathe kukusunga pamene akufufuza. Kopeyo ingamukhutiritse kapena ayi, zili kwa iye. Chimene ungachite n'kuilimbitsa. Pita ku polisi ndi pasipoti yeniyeni akadinde kopeyo, kumeneko salipiritsa. Ukope tsamba la chithunzi pamodzi ndi tsamba la chidindo cholowera kapena pemiti, chifukwa wapolisi sakufuna kudziwa kuti ndiwe Mmalawi, akufuna kudziwa ngati masiku ako akadalipo. Kunyumba kukhale munthu wodziwa pamene pali pasipotiyo, woti angathe kuthamanga nayo ukamuimbira. Kope ina itumize kumudzi, idzakuthandiza ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg komweko yeniyeniyo ikadzatayika.

Ngati masiku 30 amene anakudindira pa malire a Beitbridge anatha kalekale, fotokope singakuthandize, ndipo aja amati tibweretsere pasipoti tikakudindire ali pakona ya msewu adzakuonjezera mlandu wachiwiri, woposa woyambawo.

FUNSO: Amalume, pa satifiketi yanga ya MSCE dzina langa linalakwika chilembo chimodzi, silikufanana ndi la pa chiphaso cha unzika. Mnzanga wodziwa kompyuta akuti angathe kusikana n'kukonza chilembocho, kenako tipulinte n'kukadinditsa. Sitikusintha magiredi, tikungokonza cholakwika. Pali vuto?
Mtsikana wofuna ntchito, Mzuzu

YANKHO: Lilipo, mwanawe, ndipo ndi lalikulu kuposa chilembocho. Ndikumvetsa kuti choona chili mbali yako, dzinalo ndi lako, mayeso unalemba ndiwe. Koma lamulo la kupeka zikalata silifunsa ngati zimene walembazo n'zoona. Limafunsa ngati chikalatacho chikudzinenera kuti chinachokera kumene sichinachokere. Pepala limene mnzakoyo atulutse lidzakhala likunena kuti a MANEB analemba chonchi, pamene a MANEB sanalembe choncho. Kulipanga ndi mlandu wa pa gawo 356 la Penal Code, kukalipereka kwa bwana ndi mlandu wina wa pa gawo 360. Milandu iwiriyi imayendera limodzi kukhoti, ndipo mnzako wakompyutayo adzakhala nawe m'bokosi momwemo.

Pashopu ndinkawaona anthu a pempho lotere, ndipo amayamba mofanana. Amadikira makasitomala onse atuluke, n'kutsitsa mawu. Wina dzina, wina chaka chobadwa, wina akufuna 7 wa masamu asanduke 4 kuti pakhale kirediti. Onse amati ndi kachinthu kakang'ono. Chimene sadziwa n'choti pokonzedwa pamaoneka. Satifiketi ili ndi timizere tosalala kumbuyo kwa zilembo, ndipo pamene wafufuta timizereto timaduka kapena kubwerezeka. Chilembo chatsopanocho chimakhala chakuthwa pamene zinzake zafooka ndi sikana, ndipo kawirikawiri chimakwera kapena kutsika pang'ono pa mzere. Wolemba anthu ntchito amene waona masatifiketi mazanamazana diso lake limakafikira pomwepo. Ndipo ngakhale mnzakoyo atakhala katswiri wotani, mabwana ambiri masiku ano amatumiza mayina ku MANEB kuti akatsimikize. Kumeneko amayang'ana m'kaundula, osati pa pepala lako. Ena zimawapeza atagwira kale ntchito zaka, n'kuchotsedwa, n'kuyamba kuyankha za malipiro onse amene analandira.

Kusiyana kwa chilembo chimodzi si chachilendo m'maofesi mwathu, mayina athu amalembedwa mosiyanasiyana kuyambira ku pulayimale. Pita kwa loya kapena ku khoti ukalumbire kalata yonena kuti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi, ija amati afidaviti, uziiphatika ku kope ya satifiketi yosakhudzidwa. Kenako ulembere a MANEB ku Zomba, kudzera kusukulu kumene unalembera mayeso, uwafotokozere cholakwikacho. Zitenga nthawi, koma kalata ya ntchito imene ukufuna kuponya sabata ino afidaviti ikukwanira.

FUNSO: Amalume, kulikonse akufuna fotokope ya chiphaso changa: polembetsa simukhadi, kubanki, ku bungwe la ngongole, ngakhale eni nyumba ya lendi. Kodi mapepala amenewa amathera kuti? Ndili ndi ufulu wokana?
Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Bambo, mwafunsa funso limene ndimafuna anthu ambiri akanamafunsa. Tsiku lina ndinagula zitumbuwa pa depoti ina, ndipo pepala limene anandikulungira linali fotokope ya chiphaso cha mayi wina. Nkhope yake inali yonyowa ndi mafuta, koma dzina, nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa zinkawerengeka bwinobwino, ndipo m'munsi munali siginecha yake ndi nambala ya foni yolembedwa ndi bolopeni. Ofesi ina inasesa makabati n'kugulitsa mapepala akale pa kilo. Wogulitsa zitumbuwayo analibe mlandu, mulu wonse unali pambali pake, wopanikizidwa ndi mwala.

Chiyambire kalembera wa mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa, nambala ya chiphaso yasanduka kiyi wa zinthu zambiri: simukhadi, akaunti ya kubanki, ndalama za pafoni, feteleza wotsika mtengo. Munthu wokhala ndi kope ya chiphaso chanu, siginecha ndi nambala ya foni ali ndi pafupifupi zonse zimene ejenti wosasamala amafuna kuti alembetse simukhadi m'dzina lanu. Simukhadi imeneyo ikakabera munthu, dzina lotuluka pa kompyuta ndi lanu. Tsoka silinunkha, mudzangomva kugogoda.

Kukana kotheratu n'kovuta. Mabanki ndi makampani a mafoni lamulo limawakakamiza kudziwa makasitomala awo, ndiye kumeneko mupereka basi. Koma kuyambira mu 2024 tili ndi Data Protection Act, imene woyang'anira wake ndi MACRA. Mfundo zake n'zoti wotenga mbiri ya munthu akhale ndi chifukwa chomveka, atenge zokhazo zofunika pa chifukwacho, azisunge motetezeka, ndipo asazisunge kupitirira nthawi imene zikufunika. Choncho muli ndi ufulu wofunsa kuti kopeyi mukufuna ichite chiyani, isungidwa kuti, ndipo idzawonongedwa liti. Mlonda wa pa geti la ofesi angathe kuona chiphaso n'kukubwezerani, alibe chifukwa chochijambula pa foni yake. Wa katapila amene akufuna kusunga khadi lenilenilo ngati chikole mukaneni.

Chizolowezi chimene ndimaphunzitsa aliyense n'chosalira ndalama. Musanapereke kope, tengani bolopeni mulembe modutsa pa chithunzi cha chiphasocho, osati m'mphepete moti wina angadule ndi sizasi: "Kope ya kubanki yakuti, potsegula akaunti", ndi deti la tsikulo. Zilembo zidutse pa khadipo koma nambala izionekabe. Kope yotero singakagwire ntchito pa kauntala ina popanda kufunsidwa mafunso. Ku Netherlands boma linachita kupanga pulogalamu ya pafoni yotchedwa KopieID yochita zomwezi, kuphimba zosafunika ndi kulemba cholinga pa kopeyo. Wa kuofesi akanyinyirika kuti mwadetsa pepala, muuzeni ayerekeze ndi chenichenicho, chili m'manja mwanu.

Mukapita kochititsa fotokope, mapepala olakwika, aja atuluka odera kapena opendekeka, muziwatenga, ngakhale akulipiritseni. Mukatumiza chiphaso pa WhatsApp kuti akupulintireni, imani pomwepo mpaka afufute pa foni ndi pa kompyuta, chifukwa m'mashopu ambiri foda ya Downloads ili ndi ziphaso, masatifiketi ndi makalata a kuchipatala a tauni yonse.

Kwa anzanga eni mashopu, makina aakulu a fotokope ambiri ali ndi hard disk m'kati imene imasunga zithunzi za zimene zadutsa pagalasi. Mu 2010 atolankhani a CBS News ku America anagula makina anayi ogwiritsidwa kale ntchito, n'kupezamo zikalata za apolisi, za malipiro a anthu ndi za odwala. Kampani ya inshulansi ya zaumoyo imene inkagwiritsa ntchito amodzi mwa makinawo, Affinity Health Plan, inalipira boma ndalama zoposa $1.2 miliyoni mu 2013. Makina ambiri amene timagula kuno ndi otere, anagwirapo ntchito m'maofesi akunja, ndipo ifenso tikatopa nawo timagulitsa kwa ena. Musanagulitse anu, lowani m'masetingi mufufute zonse zosungidwa, ndipo ngati makinawo alibe njira imeneyo, uzani wokonza achotse hard disk ikhale ndi inu.